Dzanja Limene Ndinabisa Pansi pa Mwala

Wusakile, Kitwe
9 Malichi 2003

Wokondedwa mwana wanga Jemimah,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi azakhali ako a Esme kumeneko ku Kanini. Ife kuno Ambuye akutisunga, ngakhale madzi m'mipopi akubwera ngati mlendo wamanyazi. Foni ija anatidulira, choncho makalata uzipatsa Norah wogulitsa zovala za salaula uja, poti iye msewu wa Kitwe ndi Ndola anausandutsa khonde lake.

Atate ako ali bwino m'thupi, koma mtima wawo sindikuudziwa. Chiwachotsereni ntchito kumgodi, amalawirira m'mawa kuti akukafuna maganyu, n'kubwera madzulo ali bii, fumbi lakuda mpaka m'makutu. Ndikafunsa kumene anali amandiyankha m'Chibemba, ndipo iwe ukudziwa kuti atate ako akayamba Chibemba m'nyumba ndiye kuti nkhani yatha.

Chithunzi unapempha chija ndi ichi. Ndi chomwe anajambulitsa chaka chimene unabadwa, atavala chipewa cha mumgodi, nyali ili pamphumi. Ndachichotsa m'chikwama chawo osawauza, ndiye uchisamale. Koma ukuchifuniranji? Ngati wawasowa, Kitwe si ku Joni, kwera minibasi udzawaone.

Undiuzenso bwino za ntchito yakoyo. Norah akuti umangokhala tsiku lonse kuyang'ana kawailesi kakanema, mwezi ukatha n'kulandira. Ine ndinamuseka, koma ndikufuna ndimve kwa iwe. Ngati pali kangachepe ka ufa, usatiiwale.

Ndine amayi ako,
Felistas

Kanini, Ndola
2 Epulo 2003

Okondedwa amayi,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ife kuno tilipo, azakhali akungodandaula mawondo. Ka ufa ndapatsa Norah, ndipo mumuuze kuti chimene ndimayang'anacho si wailesi.

Ndimagwira m'sitolo ya a Ronnie m'tauni, momwe muli makompyuta. Anthu amabwera kudzalemba makalata a pa intaneti, ine ndimawathandiza ndi kuwasindikizira mapepala. Kumabweranso anyamata odzasewera gemu inayake. Mu gemuyo munthu ali ku Ndola amayenda m'dziko longopeka limodzi ndi wina amene ali ku Brazil, akulowa m'mapanga, akumenyana ndi zilombo. Ine sindisewera, ndimangosuzumira pamapewa awo. Chimene chinandigwira mtima ndi zithunzi zake.

Mukukumbukira mmene ndinkathera makala anu pachipupa cha kukhitchini? Matenda aja sanathe. Makasitomala akachepa ndimajambula pakompyuta, ndi kachipangizo kogwira m'dzanja kotchedwa mausi. Kujambula nako kuli ngati kulemba dzina lako ndi sopo, koma munthu umazolowera.

Pa intanetipo pali tsamba pomwe osewera gemuyi amaika zithunzi zimene ajambula, anzawo n'kumanena zolakwika. Sitidziwana nkhope, ndipo aliyense ali ndi dzina longodzipatsa. Chisoni alibe anthu amenewa. Chithunzi changa choyamba anati chilombo chake chikuoneka ngati galu wonyowa ndi mvula, ndipo manja a munthuyo ndi phava la nthochi. Ndinalira, amayi, kenaka ndinayang'anitsitsa n'kuona kuti zinalidi nthochi.

Pali wina amene dzina lake m'chinenero chathu tingati Kadzidzi Wakhungu. Ndiye wolalata kuposa onse, komanso ndiye wandiphunzitsa zambiri. Anandilembera kuti, “Leka kukopera mapanga amene sunawaonepo. Jambula munthu amene ukumudziwa, ndipo uzidziwa kumene kuwala kukuchokera.” Pompo ndinakumbukira atate ndi nyali yawo. Ndani kuno akudziwa za pansi pa nthaka kuposa iwo?

Ndiye chithunzi chija ndinachifunira zimenezo. Ndikuwajambula ngati mlonda wa dziko la pansi, ataima chilili, osaopa kanthu. Musawauze, ndikufuna ndidzawapatse ndekha.

Mwana wanu,
Jemimah

Kanini, Ndola
11 Meyi 2003

Alamu anga a Felistas,

Moni m'dzina la Ambuye. Alongo anga a Jairus ali bwanji? Mundiyankhe msanga pa funso limeneli.

Lachisanu ndinatulutsa matiresi a Jemimah kuti aombedwe dzuwa. Pansi pake ndinapeza pepala limene ndakutumiziranili. Ndalikulunga mupulasitiki, musalitsegule pali ana. Lonse ndi lofiira ngati pophera mbuzi. Pakati pali alongo anga, nkhope yawo yeniyeni, ngakhale kachipsera ka pachibwano kaja. Kumbuyo kwawo kwaima chinthu cha nyanga, chotalika mpaka kudenga. Ndipo muyang'ane dzanja lawo lamanja, alamu. Laphinjika ndi chimwala.

Mukudziwa zimene zikumveka kuno masiku ano, zoti ana akulowa za usatana pofuna chuma, n'kumapereka makolo awo. Mwezi watha anthu anaswa sitolo ina chifukwa cha mphekesera zomwezi, mwini wake anapulumukira padenga. Ine sindinkazikhulupirira kwenikweni, koma lero zili pansi pa matiresi m'nyumba mwanga.

Nditamufunsa, mwanayu anayamba waseka. Akuti ndi zojambula chabe, ndipo anzake a kutali achiyamikira. Ndinati, “Anzakowo unawaonapo?” Iye anati, “Ayi, sitionana.” Ndinati, “Maina awo ndani?” Iye anati, “Enieniwo sindiwadziwa.” Anthu opanda nkhope, opanda maina, amene anamuuza kuti ajambule munthu wa magazi ake. Nanga inu mukumva bwanji pamenepa?

Poti mutu umodzi susenza denga, ndinakaonetsa pepalali kwa a Solomon, mkulu wa mpingo wathu kuno. Iwo anati nkhaniyi iyenera kufika kubwalo la akulu. Ndinaonetsanso mayi wina woyandikana nafe amene amapemphera mwamphamvu, ndipo pamenepo mwina ndinalakwa, chifukwa pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utamva.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu ndi magazi anga. Sindikumuda. Ndikungoopa.

Mlamu wanu,
Esme

Wusakile, Kitwe
14 Meyi 2003

Jemimah,

Ndikhulupirira uli moyo. Ine sindili bwino, chakudya sichikutsika.

Pepala lija ndaliona. Norah analitsegula m'njira, poti maso ake sadziwa pulasitiki, ndipo atafika analiponya pakhonde osalowa m'nyumba. Ndalibisa m'khola la nkhuku. Atate ako sindinawauze, ndimangowayang'ana dzanja akamadya.

Ine ndine amene ndinaba chithunzi chawo m'chikwama n'kukupatsa. Unati ukuwajambula ataima osaopa kanthu, sunanene za magazi, sunanene za nyanga. Kadzidzi ameneyu ndani, mwana wanga? Kwathu ku Katete kadzidzi akalira padenga anthu sagona, iwe ukumutcha mphunzitsi. Wakulonjeza chiyani? Ngati ndi umphawi wathu wakutopetsa, tiuze, tidya masamba a maungu mpaka Ambuye atatikumbukira.

Chilichonse chimene chatsala kumeneko uchitenthe. Ukatero upite kwa a Solomon ukagwade. Undiyankhe ndi Norah yemweyu Loweruka.

Amayi ako

Kanini, Ndola
17 Meyi 2003

Okondedwa amayi,

Moni. Norah wakana kugwira kalata yanga, akuti ali ndi ana aang'ono. Ndiye ndaponya ku positi, sindikudziwa kuti ifika liti.

Amayi, ndimvereni mofatsa. M'chithunzicho mulibe magazi. Makina athu osindikizira ali ndi inki ya mitundu ingapo, ndipo yachikasu ndi yabuluu zinatha kalekale. A Ronnie sagula ina mpaka yonse itauma, moti ngakhale makadi aukwati akutuluka ofiira. Pakompyuta kuwala kwa nyali ya atate ndi kwachikasu, kofunda, ndipo anthu onse patsamba lija anati ndi kumene ndakhoza. Ndinabisa pepalalo pansi pa matiresi chifukwa linatuluka loipa, ndimadikira inki.

Chinthu cha nyangacho ndi mdani wawo. Mu gemu muja mlonda aliyense amakhala ndi chilombo cholimbana nacho. Mukayang'ana bwino muona kuti chikubwerera m'mbuyo, chikuopa nyali.

Za dzanja ndikuchita nazo manyazi, koma si manyazi amene mukuganizawo. Manja amandivuta. Lamanzere ndinalipinda chibakera, linatheka. Lamanja ndinalijambula n'kufufuta, kujambula n'kufufuta, zala zikungotuluka nthochi zomwe zija. Nditatopa ndinangojambula mwala pamwamba pake kuti lisaoneke. Ojambula ambiri amatero, wina amalowetsa dzanja m'thumba, wina kumbuyo. Kadzidzi uja anazindikira msanga, anandilembera kuti, “Wabisa dzanja, mlesi iwe.” Sanandilonjeze kanthu munthu ameneyu. Ndikuganiza kuti ndi mkulu wina wopuma pantchito wosowa chochita.

Pepalalo tenthani ngati mtima wanu ukhale m'malo. Koma chithunzi chenicheni sichipsa ndi moto, chili pa intaneti, ndipo anthu a m'maiko ambiri anachiona kale. Ndikunena izi kuti ndisakunamizeni.

Kuno zinthu sizili bwino. Ndikamadutsa, amayi a pamzere wathu amaitana ana awo kuti alowe m'nyumba. Dzulo mu minibasi mtsikana wina wa kwaya yathu anasamuka pampando. Ndinayesa kuseka, koma ndayamba kuopa. Ndilankhulireni kwa azakhali, inu akumverani.

Mwana wanu,
Jemimah

Wusakile, Kitwe
3 Juni 2003

Jemimah,

Moni ndilibe. Atate ako ali m'chipatala.

Maganyu ankanena aja anali ku phiri lakuda, chimulu chija cha zotsalira za m'ng'anjo za mgodi. Ankakumba kumeneko ndi anyamata, kutola miyala yogulitsa kwa anthu a malole. Lachiwiri lapitali mbali ina ya phirilo inagumuka. Anawafukula amoyo, tithokoze Mulungu, koma mnyamata wina wa ku Chamboli amene anali pafupi nawo sanatuluke wamoyo.

Mwala unawagwera padzanja. Lamanja, Jemimah. Madokotala adula zala ziwiri.

Kalata yako ya ku positi yafika dzulo, itagona m'njira masabata awiri. Ndaiwerenga nditakhala pabenchi la kuchipatala. Walemba ndi dzanja lako kuti mwalawo unauika ndiwe, ndipo kuti chinthucho sichipsa ndi moto. Za inki ndamva, ndipo mwina ndi zoona. Koma inki ndiyo inasankha dzanja lamanja?

Sindikudziwa choti ndikhulupirire. Ndinakubala ine, ndikudziwa kuti unkalira nkhuku ikamaphedwa. Ndikapemphera ndimaona mwana ameneyo, ndikatsegula maso ndimaona nsalu zomanga dzanja la atate ako.

Tsopano tamvera. Norah walalika nkhani ya pepala msika wonse. Pamaliro a mnyamata uja anthu amanong'onezana kuti nsembe inali ya a Jairus, koma inaphonya n'kugwera mwana wa eni. Amalume ake awiri anabwera pakhomo pano kudzafunsa kumene umakhala ku Ndola. Ndinati sindidziwa nambala ya nyumba. Mmodzi anati, “Tizaipeza, mayo, Ndola ni ing'ono.”

Usabwere ku Kitwe. Usayende wekha. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa minibasi wa mumpingo mwathu, ndipo yankho ungapatse yemweyo.

Amayi ako

Kanini, Ndola
10 Juni 2003

Okondedwa atate,

Sindinakulembereniponi kalata chibadwire, ndipo sindikudziwa ngati amayi akupatseni iyi. Muli bwanji? Ululu ukuchepa?

Pofika pano mwina mwamva za chithunzi. Ndinkafuna chidzakhale mphatso yanu. Chichokereni kumgodi mumayenda mutawerama, ndiye ndinafuna mudzadzione mmene ine ndimakuonerani.

Ntchito yatha. Lolemba m'mawa tinapeza galasi la sitolo litaswedwa ndi njerwa, ndipo masana kunabwera amayi ena kudzaimba ndi kuthira mafuta opatulika pakhomo. A Ronnie anati iwo sakhulupirira zimenezi, koma makompyuta anagula ndi ndalama zawo zopumira pantchito, sangawaike pachiswe chifukwa cha ine. Sindikuwaimba mlandu. Azakhali amandipakulira m'mbale yangayanga, ndipo akamalowa kuchipinda kwawo ndimamva akukoka tebulo kutsekera chitseko. Dzulo amuna awiri achilendo anaima nthawi yaitali pampopi wa pamzere wathu, osatunga madzi. Sindikutuluka panja. A Solomon atumiza mawu kuti ndikaonekere pamaso pa akulu a mpingo Lamulungu la pa 29, mapemphero akatha.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri si anthuwa, atate. Tsiku lomaliza kuntchito ndinachotsa chithunzicho patsamba lija, ngakhale ena anali atachikopera kale. Kenaka ndinachitsegula pakompyuta, ndinati ndifufute mwalawo, mwina muchira msanga. Taonani mmene ndafikira, ine amene ndinkaseka azakhali. Ndinaufufuta. Pansi pake panalibe dzanja, panali mdima wokhawokha kuyambira pamfundo ya mkono. Ndikudziwa chifukwa chake, ndinalifufuta ndekha kale lija ndisanaikepo mwala. Komabe ndinakhala pampandopo ndikuyang'ana mdimawo mpaka a Ronnie anadzazimitsa makinawo.

Sindinalowe gulu lililonse. Sindinapereke munthu. Izi ndikhoza kulumbira pamaso pa akulu. Koma akadzandifunsa kuti n'chifukwa chiyani linali lamanja, ndidzati chiyani? Ndimadzifunsa ndekha, ndipo yankho loti ndine mlesi wosadziwa kujambula zala layamba kundichepera.

Ngati inunso mukuganiza kuti ndine, ndiuzeni ndinu. Ndikamva kwa inu ndisiya kudzikanira, ndipo sindidzajambulanso.

Mwana wanu,
Jemimah

Wusakile, Kitwe
24 Juni 2003

Mwana wanga Jemimah,

Moni. Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi lamanzere, ndipo likuyenda ngati nkhuku yoledzera. Ananditulutsa m'chipatala Lachisanu. Ululu ulipo, makamaka pa zala zimene kulibezo, koma ndikudya.

Kalata yako amayi ako anaisunga masiku angapo asanandipatse. Usawakwiyire, mantha awadya mpaka chitenje chikuwazungulira kawiri. Nditawerenga ndinati andibweretsere pepala la chithunzi lija. Anakana, ndinayamba Chibemba, anakalitenga. Likununkha zitosi, koma ndaliona.

Poyamba za phiri. Linagumuka chifukwa tinalikumba kunsi, kumwamba n'kusiya lendelende. Mafosholo ake anali athu. Lakhala likugwera anthu iwe usanadziwe n'komwe kuti kompyuta n'chiyani, ndipo ligweranso ena mwezi wamawa, poti njala sinathe. Dzanja lamanja ndi limene munthu amatsogoza potola mwala. M'chipinda chimene ndinagona tinalimo atatu a manja amanja, ndipo enawo alibe ana ojambula.

Dzulo ndinapita ku Chamboli kukapepesa maliro. Dzina la mnyamatayo anali Fidelis, ndipo ankandigawira madzi ake akumwa. Amalume ake anali pomwepo. Ndinatulutsa pepalalo n'kuliika pamphasa, anthu anadzuka ngati ndaponya njoka. Ndinati, “Nkhope iyi ndi yanga, dzanja ili ndi langa, mwana ndi wanga. Amene ali ndi mlandu ndi pepalali ayambe ndi ine, ndili pano.” Mayi ake a malemu ndiwo analitola, analiyang'ana, n'kunena kuti, “Mwana wanga palibepo apa.” Anandibwezera. Sindikunena kuti onse akhutira, mmodzi wa amalume aja anatuluka osatsanzika. Ndiye ukhalebe m'nyumba mpaka nditafika.

Tsopano za chithunzi, poti ndamva kuti kwanuko mumauzana zolakwika. Inenso ndinenepo zanga.

Nyali wakhoza. Kuwala kwake kumagwa chomwecho, kutsogolo kokha, m'mbali monse mdima. Sindikudziwa kuti unaziona kuti.

Chilombo walakwitsa. Ndakhala nacho pansi zaka zonse za unyamata wanga, ndipo chilibe nyanga. Sichibangula. Chimangoti tha, tha, pang'onopang'ono pamwamba pa mutu wako, kenaka kafumbi n'kuyamba kugwa. Ukadzatha kujambula chimenecho, anzako opanda nkhope aja sadzagona.

Munthuyo wamuimika bwino. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Chinditayireni kampani, palibe amene anandionapo nditaima choncho, ngakhale ine mwini. Ndinalira, ndipo amayi ako anaganiza kuti ndi dzanja.

Lamulungu ndikubwera ndi minibasi yoyamba. Amayi ako akuti abwera nawo, ngakhale akuti pepalalo lisakhale m'chikwama chawo. Likhala m'thumba la jekete langa. Tikalowa m'tchalitchi limodzi, ukakhala pambali panga, ndipo kubwalo la akulu a Solomon akayamba kufunsa ine. Mlongo wanga Esme umuuze achotse tebulo kuchitseko, andiphikire tiyi.

Zoti susiya kudzikanira kapena usiya kujambula, sindikufuna kuzimvanso. Mlandu wako ndi umodzi, ndipo Kadzidzi wakoyo anaunena kale: unabisa dzanja chifukwa cha ulesi. Ukonzeretu pepala ndi pensulo. Tikachoka kutchalitchi ndidzamasula nsaluzi, ndidzaliika patebulo, ndipo udzaliyang'ana mpaka utalidziwa. Si lokongola, udzafuna kuyang'ana kumbali, koma ndidzadikira. Zala zatsala zitatu, ntchito ndakuchepetsera.

Ulijambule mmene lilili, ulibwezere pamkono paja. Usaliikenso pansi pa mwala.

Ndine atate ako,
Jairus